Ndege Idawasiya pa Chingodzi

A Vicente Nzunga ndidadziwana nawo chifukwa cha mpanda. Nyumba yawo ndi yanga ku Degue, muno mu Tete, zimalekanitsidwa ndi mpanda umodzi wa bango, ndipo mphepo ikaugwetsa tinkaudzutsa limodzi, iwo mbali yawo, ine mbali yanga. Mbiri yawo ndidaimva motero, pang'onopang'ono, poti sadali munthu wotha nkhani tsiku limodzi. Ankayamba, n'kusiya pakati, n'kudzapitiriza patapita miyezi ngati adalekeza dzulo.

Kwawo n'ku Domue, ku Angónia. Adatengedwa kupita ku tropa, ku usilikali, ali mnyamata, dziko litangolandira ufulu, ndipo chifukwa masamu ankawatha, akuluakulu adawapatula pamodzi ndi anzawo ochepa n'kuwatumiza ku Uniyau Sovyetika kukaphunzira kukonza ndege. Za kumeneko sankakamba zambiri. Ankangoti kudali kuzizira kolowa m'mano, ndiponso kuti tsiku loyamba mphunzitsi adajambula chinthu chonga njere ya mango yogonekedwa, yonenepa kutsogolo, yosongoka kumbuyo. Womasulira adati umo ndi mmene phiko la ndege limaonekera mukalidula. Kenaka mphunzitsiyo adajambula mivi inayi, wina woloza pansi, wina kumwamba, wina kutsogolo, wina kumbuyo, nati amene saimvetsa mivi imeneyi asadzayerekeze kukhudza ndege.

Maina a miviyo adawamva m'Chirasha, womasulira n'kuwapatsa m'Chipwitikizi, koma kuti alowe m'mutu a Vicente ankadzinenera okha m'Chinyanja. Peso ndiko kulemera, kumene kumakokera ndege pansi monga kumakokera chinthu china chilichonse. Impulso ndiko kukankha kwa motolo, injini ya ndegeyo. Arrasto ndiko kukana kwa mphepo, kuja umakumva pachifuwa ukamapalasa njinga moyang'anizana nayo. Sustentação ndiyo mphamvu yonyamula, imene imabwera mpweya ukamadutsa mwaliwiro pamwamba ndi pansi pa phiko: phiko limaupotokolera pansi, mpweyawo n'kumalikankhira m'mwamba. Ndege ikamayenda mowongoka, osakwera osatsika, ndiye kuti zinayizo zalingana mphamvu ziwiriziwiri. Ankati zina zonse zimene adaphunzira kumeneko zidali zongowonjezera pamenepo.

Atabwerako adawaika ku Beira, pa ndege zonyamula asilikali ndi katundu. Nthawi ina atapita kumudzi kukapuma adakwatira Georgina, mwana wa katekisita, ndipo adabereka mwana wamkazi dzina lake Felícia. Nkhondo itafika ku Domue, mayi Georgina adathawira ku Malawi mwana ali kumbuyo. A Vicente adatsala ku Beira, akumanga ndi kumasula maparafuzo, mabawuti a ndege, osadziwa ngati banja lawo lili moyo. Mtendere utabwera, ndege zija zidaima. Zitsulo zosinthira zidasowa, matayala adaphwa, udzu udafika m'mapiko, mavu n'kumanga m'mamotolo. Atawatulutsa usilikali adawoloka malire kukafuna mkazi wawo, ndipo adakawapeza akugulitsa tomato pa Lizulu. Felícia adali atakula, ndipo kwa nthawi ndithu ankawaitana kuti amalume.

Ku Domue sadabwerereko. Nyumba idapsa, munda udali m'manja mwa ena, ndipo manja a Vicente adali ataiwala khasu. Adatsikira ku Tete. Pansi pa mtengo wa msawu, pafupi ndi msika wa Kwachena, adaika tebulo n'kumakonza majeleira, ndiwo mafiriji, ndi maventuinya, zija zokupiza mphepo m'nyumba. Mumzinda wotentha ngati uno ntchito yotere siisowa. Nthawi zina ankauza mwini ventuinya kuti zopalasa zakezo ndi mapiko ndithu, kungoti amazungulira m'malo mopita kutsogolo, ndipo limodzi likapindika makina onse amanjenjemera. Mwiniwakeyo ankangofunsa kuti adzatenge liti.

Malasha a ku Moatize atayamba kumveka, mzinda udasintha tikuona. Kudabwera anthu a ku Brasil, a ku Índia, a ku Joni, a ku Zimbabwe, a ku Nampula ndi ku Quelimane, akhristu ndi asilamu, onse ovala nsapato zachitsulo kutsogolo. Chipinda chimene chinkagona nkhuku chidayamba kugona munthu wa lendi. Pa mlatho wa Zambezi magalimoto ankandandalika mpaka osaona kumene mzere wathera. Ku Chingodzi, bwalo la ndege limene kale linkalandira ndege imodzi n'kugona, ndege zidayamba kutera motsatizana, za ku Maputo, za ku Joni, ndi tina tating'ono ta eni migodi. A Vicente ankazimva zikudutsa ali pansi pa msawu. Nthawi yomweyo n'kuti maventuinya otchipa atadzaza m'masitolo, ndipo anthu adayamba kutaya akale m'malo mokonzetsa.

Tsiku lina adavala jekete n'kuwoloka mlatho. Amene adawalandira ku bwalo adawalemekeza ndithu, koma adawauza zoona: ndege za masiku ano si zija adaphunzira, zimafuna chilolezo chatsopano, ndipo amakaniko ake amabwera nazo okha kapena amaziyembekezera ku Maputo ndi ku Joni. Panali kampani ina yaing'ono imene inkafuna anthu okweza ndi kutsitsa katundu. A Vicente, tsitsi litayamba kale kuyera, adavomera. Pobwera adauza mayi Georgina kuti apeza ntchito ku ndege, ndipo padapita masiku asadanene kuti ndi ntchito yanji.

Inali ntchito ya mawondo ndi msana. Chipinda cha katundu, kumimba kwa ndege, n'chachifupi, munthu sangaimemo. Ankalowamo chokwawa, n'kumalandira zikwama, mabokosi a miyala yokapimitsa, zitsulo zobowolera pansi, ndi mitolo ya nsomba za chikowa imene fungo lake linkawatsatira mpaka kunyumba. Panja, phula linkagwira nsapato. Anzawo ambiri adali a msinkhu wa mwana wawo ndipo ankawaitana kuti tiyu, ndiko kuti amalume. Pofika madzulo ankatsika chapa, kaminibasi kaja, ku Degue atagwira m'chiuno, n'kukhala pakhonde nthawi yaitali asadavule nsapato.

Wowauza kuti katundu uyu apite kutsogolo, uyu kumbuyo, adali Carlota, mtsikana wa m'dera la Francisco Manyanga muno mu Tete, amene adaphunzira ntchitoyo ku Maputo. Iye ankayankhula Chinyungwe, iwo n'kumayankha m'Chinyanja, ndipo ankamvana bwino. A Vicente ankamukonda chifukwa sankalola kuti zinthu zingoponyedwa. Ndege ili ndi malo amene kulemera kwake konse kumakumana, centro de gravidade, ndipo malowo ayenera kukhala chapafupi ndi mapiko. Anyamata atsopano akamadandaula kuti bwanji akusamutsa katundu amene alongedza kale, a Vicente ankawakumbutsa za njinga ya makala: matumba akachuluka kumbuyo, tayala lakutsogolo limanyamuka lokha, wopalasa n'kusowa chowongolera. Mlengalenga, ankatero, palibe potsikira kuti ukonze chingwe.

Chimene chinkavuta kwambiri ku Chingodzi chidali dzuwa. Mpweya ukatentha umatakasuka n'kupepuka. Phiko limapeza wochepa woti ligwire, motolo nayenso amameza wochepa n'kuchepa mphamvu, ndiye ndege imene m'mawa ikadanyamuka mosavuta, masana a mu Outubro, mwezi wotentha uja, imafuna kuthamanga mtunda wautali. Pisita, msewu umene imathamangapo, ili ndi polekezera. Chotsala ndi kuchepetsa kulemera. Masiku otere Carlota ankabwera n'kunena kuti zikwama zakutizakuti zitsale, zidzatsatira mawa. Eni ake akaziona zikubwerera pangolo ankalalatira amene akukankha ngoloyo. Poyamba a Vicente ankayesa kufotokoza. Pambuyo pake adaleka, ankangoweramitsa mutu n'kumakankha.

M'chaka cha 2012 mayi Georgina adayamba kudwala. Mimba inkatupa, chakudya osalowa, ndipo kuima pa benchi yawo ya tomato kudawakanika. Ku chipatala cha muno adapeza chotupa, nati chikachotsedwe ku Maputo, n'kuwapatsa tsiku lokaonekera kumeneko. Felícia, amene adakwatiwa ku Matola, pafupi ndi Maputo, adati amayi ake sangapirire masiku a m'machimbombo, mabasi aja, pamsewu wautali uja, ndipo iye ndi mwamuna wake adawagulira bilyeti, tikiti ya ndege. A Vicente adapempha bilyeti ya antchito, yotchipa, koma ya mtundu uja woti umakwera pokhapokha malo akapezeka. Carlota adayang'ana n'kuwauza kuti tsiku limenelo mipando ilipo.

Mayi Georgina adali asadakwerepo ndege, ndipo ankaiopa kuposa mpeni wa dokotala. Ankati chitsulo chachikulu ngati tchalitchi sichingakhale m'mwamba popanda chochigwira, ndipo ngati chimakhala, ndiye kuti pali tsiku limene chimakumbukira. A Vicente nawonso adali ndi zawo mumtima, ngakhale sankanena. Chiyambire kutha kwa nkhondo sadakwerenso ndege. Ankazigwira tsiku ndi tsiku, ankadziwa kutentha kwa khungu lake ndi fungo la mafuta ake, koma pampando sadakhalepo. Ndidawaona akupukuta nsapato zawo za kutchalitchi kudakali masiku.

M'mawa wa ulendo adakwera chapa, mayi Georgina atakhala chakuzenera. Pa mlatho a Vicente adawauza kuti atulutse dzanja panja, chikhatho chiyang'ane pansi, kuti amve okha chimene chimagwira ndege. Koma pa mlathopo padali mzere wa magalimoto a malasha ndi a ku Malawi, chapa inkangokwawa, ndipo dzanja lidangolendewera padzuwa. Mayi adawayang'ana.

"Ndiye chimenechi?"

"N'chimenechonso," adatero a Vicente. "Popanda liwiro palibe chonyamula. Dikirani tiwoloke."

Atadutsa Matundo chapa idathamanga. Adawauza kuti adzutse zala pang'ono, ndipo dzanja lidakwera lokha. Adati adzutse kwambiri, ndipo mphepo idaleka kulinyamula n'kulikankhira kumbuyo mpaka lidagunda chitsulo cha zenera. Adawafotokozera kuti phiko nalonso limatero, limapendekera pang'ono kuti ligwire mpweya, koma likapendekera mopitirira limaleka kunyamula, ndipo piloto aliyense amaphunzira malire amenewo asadaphunzire china chilichonse. Mayi Georgina adabweza dzanja n'kulipukuta pachitenje. Adati dzanja ndi dzanja, lilibe anthu m'kati.

Ndege imayenera kunyamuka m'mawa, kusadatenthe. Idachedwa kumene inkachokera. Anthu adadzaza m'chipinda chodikirira, ambiri a iwo amuna a kumigodi opita kukapuma, ena atagona pazikwama zawo. Mayi Georgina adakhala chopindika, atagwira pamimba. Dzuwa lidakwera, lidafika pamutu, n'kuyamba kupendeka, ndipo m'pamene ndege idatera. Kutentha kudali kutadutsa kwarenta, madigiri makumi anayi.

A Vicente adaimirira pagalasi n'kumayang'ana kunja monga munthu wa ntchito yake. Kansalu kosonyeza mphepo kadali lende pamtengo wake, ndiye kuti padalibe mphepo yakutsogolo yoti ithandize mapiko. Pamwamba pa pisita mpweya unkachita ngati madzi. Galimoto ya mafuta idakhalitsa pansi pa phiko kuposa masiku onse, ndipo adamva mnzawo wina akunena kuti kummwera kuli mvula ya mabingu, piloto wafuna mafuta owonjezera oti azungulire nawo akapeza kuti sangatere msanga. Mafuta nawonso amalemera. Kenaka adaona ngolo ikubwerera ndi zikwama. Adabwerera pampando n'kukhala pafupi ndi mkazi wawo.

Carlota adalowa nkhope ili thukuta lokhalokha. Adaima patsogolo pawo, wailesi yake ili m'manja.

"Tiyu Vicente, mwaona kale, si choncho?"

"Ndaona. Angati?"

"Katundu tatsitsa yense amene tingathe, sizikukwanabe. Atsale anthu atatu. Wina wavomera yekha. A mabilyeti a antchito muli awiri."

"Nditasiya chikwama changa?"

"Chatsika kale, tiyu."

Mayi Georgina atamvetsa, adadzuka ndi mphamvu zimene adalibe kwa miyezi. Adauza Carlota kuti bambo awa akhala akukwawa m'mimba mwa ndege zimenezi kunyamula katundu wa anthu ena, lero lokha akufuna mpando umodzi akuti alemera. Adaloza mwamuna wina wonenepa amene ankamwa madzi pakona, nati uyo yekha ndi anthu awiri, bwanji osayamba ndi iye. Anthu adayamba kucheuka. Carlota adayang'ana pansi. Adati ndege ya mawa yadzaza, ya mkuja nayonso, ndipo sangalonjeze kanthu.

"Mwanayu sakulakwa, mayi a Felícia," adatero a Vicente. "Ndikadakhala pamalo pake ndikadachita zomwezo."

"Ndiye mukumuikira kumbuyo?"

"Ndikuikira kumbuyo inu amene mukukwera. Phiko silidziwa kuti ndine mwamuna wanu."

Adandiuza pambuyo pake kuti chimene chidawatopetsa kwambiri tsiku limenelo n'chakuti adalibe woti amukwiyire. Mwamuna winayo wa bilyeti ya antchito adakuwa, adatukwana, adamenya patebulo, n'kutuluka atapepukidwa mtima. Iwo ankadziwa mmene mpweya udaliri, kutalika kwa pisita, ndi kulemera kwa mafuta, ndipo zonse zinkagwirizana ndi Carlota.

Mayi Georgina adakhalanso pansi nati ngati ndi choncho iwonso sapita. Adati adayendapo kale ulendo wina okha, mwana ali kumbuyo, mwamuna ali ku ndege zake, ndipo umenewo udakwana. Mawu amenewa adali asadawanenepo chikumaniraneni pa Lizulu. A Vicente adawalandira mawuwo. Kenaka adawakumbutsa kuti tsiku la kuchipatala likaphonyeka, lina lidzapezeka mvula itatha, ndipo chotupa sichidikira. Adati Felícia ali kale panjira yopita ku bwalo la ku Maputo. Iwo akwera machimbombo m'mawa, akawapeza.

Kenaka adasendera pafupi n'kuyamba kuwauza zonse zimene akamve, mwandondomeko, kuti pasadzakhale phokoso lowadzidzimutsa. Adati poyamba ndege idzayenda pang'onopang'ono ngati galimoto, ndipo kumapiko kudzamveka kulira kwa makina, zidutswa zina n'kutuluka kumbuyo kwa phiko n'kuweramira pansi. Amenewo ndi maflape, amakulitsa phiko kuti linyamule ngakhale liwiro lisadakwane, sikuti china chikumasuka. Idzaima kumapeto kwa pisita, mamotolo adzakuwa, ndipo iwo adzamva ngati wina wawakanikizira kumpando.

"Lero ithamanga nthawi yaitali isadanyamuke. Mudzaganiza kuti yakanika. Siidakanike, awerengera kale, n'chifukwa chake ine ndatsala. Mukamva kuti gu pansi panu, ndi matayala akulowa. Kenaka phokoso lidzachepa ngati motolo wazima. Sanazime, piloto wangochepetsa."

Adawauzanso kuti pamwamba pa mapiri idzagwedezeka, chifukwa nthaka ikatentha imatumiza mpweya m'mwamba mosalingana, pena wambiri pena wochepa, ndipo ndege imadutsamo ngati chapa pamsewu wa maenje. Nsonga ya phiko idzaoneka ikupindika, koma adalipanga dala kuti lizitero, louma gwa ndilo likadathyoka. Makutu akatseka ameze malovu. Mayi Georgina ankamvetsera atayang'ana kutsogolo, milomo ili yolimba. A Vicente atatha, mayi adawauza kuti abwereze za matayala zija. Adabwereza.

Carlota adawabwereka chovala chonyezimira cha antchito kuti aperekeze wodwalayo mpaka pamakwerero. Adayenda pang'onopang'ono paphula lotentha, mayi atatsamira pamkono pawo. Pamakwerero mtsikana wa m'ndege adawalandira. Mayi Georgina sadacheuke.

A Vicente adakaima pamthunzi wa galimoto yozimitsa moto, atavala nsapato za kutchalitchi. Adaiona ndege ikupita kumapeto, ikutembenuka, ikuima. Idayamba kuthamanga molemera. Idadutsa pamene ndege za m'mawa zimadzutsira mphuno ikadali pansi, idadutsa pamene adaima iwo, n'kumapitabe, ikuoneka ngati ikusungunuka mumpweya wotentha uja. Chakumapeto mphuno idadzuka, matayala n'kusiya phula. Idakwera pang'onopang'ono, osati mwamatama, n'kukhotera kummwera. Iwo adaipenya mpaka idasowa, adabweza chovala chija, n'kukafunafuna chikwama chawo pamulu wa zotsala. Anzawo adali ochepa ndipo ndege ina idali pafupi kutera, ndiye adawathandizako kukankha ngolo asadapite.

Ulendo wa machimbombo udali monga amaudziwira aliyense amene adauyendapo. Changara, Guro, Catandica, Inchope, kenaka msewu wosatha wopita ku Save, mawondo atagunda mpando wakutsogolo, mwana wa munthu wina atagona pamwendo pawo. Msana, umene udali wovuta kale, udauma ngati thabwa. Foni idatha moto asadafike ku Chimoio, koma n'kuti Felícia atawauza kale kuti amayi afika bwino. Adalowa mu Maputo mapazi atatupa, nsapato atazigwira m'manja.

Mayi Georgina adawapeza ali pabedi, atavala mkanjo wa kuchipatala, akuyembekezera opaleshoni tsiku lotsatira. Adali ofooka koma maso adali oyera. Sadafunse za ulendo wa amuna awo. Adayamba ndi kuwauza a Vicente kuti adaiwala kunena chinthu chimodzi: potera, ndege imabangula ngati ikubwerera m'mbuyo, ndipo pamenepo adatsala pang'ono kufa ndi mantha. A Vicente adavomera kuti adaiwaladi, ndi mamotolo amene amatembenuzira mpweya kutsogolo kuti ndege iime msanga. Zina zonse, adatero mayi, zidabwera monga adanenera, chimodzi pambuyo pa chinzake, mpaka adayamba kuziyembekezera.

Adati m'ndegemo pafupi nawo padakhala mwamuna wina wa ku Nampula, wowotcherera zitsulo ku mgodi, amene ankawerenga mikanda yake ya mapemphero chinyamukireni. Matayala atati gu, munthuyo adagwira mkono wa mayi Georgina osadziwa. Iwo, ndi Chipwitikizi chawo chothyokathyoka, adamuuza kuti ndi matayala chabe. Phokoso litachepa adamuuza kuti motolo sanazime. Pamwamba pa mapiri onse awiri adapemphera, aliyense mwa njira yake, akuyang'ana nsonga ya phiko.

"Adandifunsa kuti ndakwera kangati," adatero mayi Georgina. "Ndidamuuza kuti bambo a kunyumba ndi a zandege."

Felícia akuti atacheuka kuti aone mmene bambo ake alandirira mawuwo, adapeza atatsamira khoma, maso ali otseka. Tulo tidali titawatenga ali pampando, ndipo adawasiya.

Opaleshoni idayenda bwino, ngakhale mphamvu zidatenga nthawi kuti zibwerere. Masiku opuma amene a Vicente adapatsidwa kuntchito adatha mayi adakali m'chipatala. Adayesanso bilyeti yawo ya antchito, koma ndege zopita ku Tete zinkadzaza ndi anthu obwerera ku migodi, ndiye adabwerera pa machimbombo omwe aja, n'kuyamba ntchito m'mawa mwake. Mayi Georgina adatsala ku Matola mpaka bala lidapola. Adabwera mvula itayamba, pa ndege ya m'mawa, tsiku limene a Vicente adali pantchito. A Vicente adawaona akutsika okha pamakwerero, atagwira chitsulo, ali kutsogolo kwa anthu ena. Sadathe kupita kukawalonjera chifukwa adali atagwada kale pakhomo la chipinda cha katundu. Mayi adaima pang'ono, adawakwezera dzanja, n'kutsatira mzere.

Adagwiranso ntchitoyo zaka zina ziwiri ndi miyezi. Kenaka mtengo wa malasha udagwa. Alendo adayamba kuchoka, nyumba za lendi zidatsala zopanda anthu, ndipo ku Chingodzi ndege zina zidaleka kubwera. Carlota adasamutsidwira ku Nacala. Kampani ya katundu idachepetsa antchito, kuyambira ndi achikulire. A Vicente adafika kunyumba masana, nthawi imene sitidazolowere kuwaona, adavula nsapato pakhonde, n'kulowa kukagona. Adagona tsiku limenelo ndi lotsatira lake, akungodzuka kudya, ndipo mayi Georgina adabwera kudzandipempha kuti wailesi yanga ndiichepetse.

Patapita milungu, mwamuna wina wa kutchalitchi kwawo adabwera ndi nkhani yakuti ku Matundo kuli malo amene aimikako magalimoto akuluakulu osowa ntchito, ndipo akufuna mlonda wa masana. Adayamba kufotokoza za malipiro ndi za nthawi yolowera, koma a Vicente adamudula. Adafunsa ngati pamalopo pali mthunzi, ndiponso ngati pali mpando. Atamva kuti zonse ziwiri zilipo, adati ayamba Lolemba.